Jamu, uchi kapena nthochi: chopaka ndi chiponde pa buledi wa ana

Amayi anzanga pageti ya sukulu akhala akundifunsa chimene ndimaika m'kabokosi ka ana anga, poti kamabwerako kopanda kanthu. Chiponde ndiye cha tsiku lililonse. Chimene ndimasinthasintha ndi chopaka pamodzi nacho: jamu, uchi kapena nthochi.

Jamu ndili naye chakukhosi. Buledi wa chiponde ndi jamu ndi kamba wa ana a ku America, ndipo athunso amamukonda, sindikana. Koma amene ndinagula pagolosale ina, wotchipa, wofiira kuti psu, anali madzi a shuga basi. M'mawa popaka ankaoneka bwinobwino. Pofika nthawi ya buleki, ndi dzuwa lija la mu Okutobala, anali atalowerera m'buledi mpaka kusanduka phala, wina atatayikira m'chikwama. Makope anamatana, yunifolomu inathimbirira, nyerere zinadzaza thumba lonse. Mwana anabwera osadya, akulira. Botololo linali lotsika mtengo, koma sopo ndi makope atsopano ndinagulanso ine ndemwe.

Ndiye mukafuna jamu, werengani kaye papepala la botolo. Zosakaniza amazilemba kuyambira chochuluka, choncho shuga akakhala poyamba, dziwani kuti chipatso ndi chochepa. Pendeketsani botolo: akayenda ngati madzi, musiyeni pomwepo. Popaka, chiponde chipite pa zidutswa zonse ziwiri za buledi, jamu pakati, osafika m'mphepete. Mafuta a m'chiponde amatchinga madzi kuti asalowe m'buledi. Jamu amene ndimamukhulupirira ndi wophika ndekha mango akachuluka cha mu Disembala, ndi shuga pang'ono ndi madzi a mandimu, mpaka atalimba.

Uchi ndi wokoma, koma ndi wodula ndipo nawonso umayenderera kukatentha. Ndimautakasira m'chiponde momwemo ndisanapake. Mwana wosakwana chaka chimodzi musamupatse uchi.

Nthochi ndiye zanga. Nzotchipa, zimapezeka pamsika uliwonse, zimakhutitsa, ndipo sizidontha. Vuto lake ndi kuda zikadulidwa, koma kadontho ka mandimu kamachedwetsa zimenezo. Ana anga amakondera ndikachotsa makoko a buledi, n'kumupsinja ndi botolo kuti aphwatalale, kupaka chiponde, kukulungamo nthochi yathunthu, kenako kudula timawilo. Tsiku lopanda buledi ndimadula mbatata yowiritsa mozungulira n'kuphatikiza ziwiriziwiri, chiponde pakati. Amene anakulira futali sangadabwe kuti zimagwirizana.

Kwa ine nthochi ndi yoyamba, uchi wachiwiri. Jamu wa m'sitolo amangolowa Lachisanu, ana akachonderera.

Za chiponde chenichenicho ndisasiye osanena. Chogula chikhale ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Cha m'mabotolo opanda dzina cha m'mbali mwa msewu sindipatsa ana. Mtedza wosaumitsidwa bwino umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Kukazinga sikumuthetsa. Ndikamasinja ndekha ndimagula mtedza wa mtundu wa CG7, wofiira uja wa mafuta ambiri, kwa anthu ochokera ku Mchinji, n'kukhala pamphasa kusankha. Wofota, wosweka, wakuda ndi wowawa ndimataya, ngakhale mtima ukuwawa ndi ndalama.

Funsaninso aphunzitsi ngati m'kalasimo muli mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, poti ana amagawana chakudya. Abale amene muli ku Britain mukudziwa kale kuti sukulu zambiri kumeneko sizilola mtedza m'kabokosi, ndiye chiponde chizidyedwa kunyumba akaweruka.