Bondo lachitsulo limene ndimayeza ku Cork

Amayi akafunsidwa kutchalitchi kuti mwana wawo amatani ku Ireland, amati ali kuchipatala. Abale anga, ine ndili mufakitale ku Cork, odwala sindiwaona n'komwe. Ndimayeza zitsulo zimene madokotala amaika m'bondo la munthu mafupa akaperepeseka.

Chitsulocho n'chosakaniza: cobalt wambiri, chromium magawo pafupifupi 28 pa 100, molybdenum 6. Amayamba aumba bondo la phula n'kulimata dothi lapadera kangapo. Likauma amasungunula phulalo, m'malo mwake n'kuthiramo chitsulo chamadzimadzi, chotentha kuposa madigiri 1,400. Zovuta zimayamba pozizira. Mbali zopyapyala zimalimba msanga, zochindikala zimatsalira, ndiye zimakokana, ndipo kukokanako kumakhalabe m'kati ngakhale chitsulo chitazizira kuti zii.

Amene munachekapo bulugamu mukudziwa: chipika chili chowongoka bwinobwino, koma sowo ikangodutsa, thabwa limapindika lokha. N'chimodzimodzi kuno. Chidutswa chovala kunsonga kwa fupa la ntchafu chimaoneka ngati chilembo U, ndipo akachidula pamtengo wa chitsulo umene zidutswa zimalumikizanapo poziumba kapena kuchiziziritsa mofulumira chikatuluka mung'anjo, miyendo yake imatha kutanyuka kapena kupanana. Ndi maso simungaone. Koma dokotala amacheka fupa molingana ndi muyeso weniweni, ndiye chikapotoka pang'ono sichikhala bwino.

Makina anga oyezera, otchedwa CMM, ali ndi kankhono ka mwala wolimba wa ruby kunsonga, kamagunda chitsulo malo ambirimbiri, kompyuta n'kumalemba. Mwezi wanga woyamba ndinamanga chidutswa pamakinawo mwamphamvu kwambiri, manambala onse anatuluka abwino. Mayi wina wachikulire amene ankandiphunzitsa anangomasula pang'ono, nati ndiyezenso. Chinali chopotoka. Ndinali nditachiwongola ndekha ndi chomangira. Usiku umenewo tulo sindinatione, kuganizira munthu amene akanayenda nacho.

Kukokana kwa m'kati amakuyeza ndi mainjiniya. Amamata ka strain gauge, kachipangizo koyeza kutanuka kwa chitsulo, n'kuboola kabowo pakati pake, chitsulo chikamasuka kamalemba. Pofuna kuona m'kati osaboola, amapita nacho kumalo ofufuzira za sayansi ngati ISIS, pafupi ndi Oxford ku England, kumene amachiwomba ndi ma neutron, tinthu tosaoneka ndi maso totha kulowa m'kati mwa chitsulo.

Amayi, bondo lanu lija lotupa m'nyengo yozizira ndimalikumbukira m'mawa uliwonse ndikamamanga chidutswa choyamba. Masiku ano ndimamanga mofatsa, ndi zala ziwiri zokha.