Ndemanga ya telesikopu ya 50 mm yoyendetsa ndi foni, itayesedwa pa ma planetary nebula

Telesikopu imeneyi ndi ya mtundu watsopano uja umene galasi, kamera, mamota olondola nyenyezi ndi batire zonse zimakhala m'bokosi limodzi, ndipo munthu amaiyendetsa ndi foni. Galasi lake lakutsogolo ndi la 50 mm m'mimba mwake, focal length yake (mtunda umene kuwala kumayenda kuchokera pagalasi mpaka pamene chithunzi chimapangika) ndi 250 mm, ndipo sensa ya kamera, imene imalandira kuwalako, ili ndi ma pixel (timagawo ting'onoting'ono topanga chithunzi) 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Ndinaigula n'cholinga chimodzi, chojambula ma planetary nebula, ndipo nditaigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali ndithu, maganizo anga ndi akuti imachita bwino kwambiri pa ma nebula ochepa akuluakulu, koma pa enawo, amene ndiwo ambiri, imangokusonyezani kuti chinthucho chilipodi. Wofuna kuigula ayenera kudziwa kusiyana kumeneku asanatulutse ndalama, chifukwa zithunzi zotsatsira malonda sizikufotokoza.

Planetary nebula ndi mpweya umene nyenyezi yokalamba, yolemera ngati Dzuwa kapena kuposerapo mpaka pafupifupi kasanu ndi katatu, imataya ikayandikira mapeto a moyo wake. Zigawo zakunja za nyenyeziyo zimafufuma n'kumwazika pa liwiro la makilomita makumi angapo pa sekondi, ndipo pakati pamatsala phata lotentha kwambiri limene kuwala kwake kwa ultraviolet kumayatsa mpweya wotayidwawo. Zimenezi sizikhalitsa poyerekeza ndi moyo wa nyenyezi, chifukwa pakapita zaka zikwi makumi angapo mpweyawo umakhala utabalalika, phatalo n'kuzirala pang'onopang'ono. Chofunika kwa wojambula ndi chakuti mpweya woyatsidwa chotere suwala mitundu yonse ngati nyenyezi. William Huggins ndiye anayamba kuona zimenezi mu 1864 pamene anagawa kuwala kwa planetary nebula yotchedwa NGC 6543 m'mitundu yake n'kupeza timizere towala towerengeka chabe, ndipo mu 1927 Ira Bowen anasonyeza kuti mzere wobiriwira wowala kwambiriwo umachokera ku okosijeni wotaya ma elekitironi awiri. Mzere umenewo uli pa 500.7 nm (nanometer, muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala umene umasonyeza mtundu wake), ndipo mnzake wofiira wa haidirojeni uli pa 656.3 nm.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya telesikopuyi. M'kati mwake muli fyuluta, kagalasi kosefa kuwala, imene munthu amailowetsa pongodina pafoni, ndipo imalola kuwala kwa pafupi ndi mizere iwiriyo, n'kutsekereza kwina konse. Popeza kuwala kwa magetsi a m'misewu ndi kwa nyumba kumamwazika pa mitundu yambiri, gawo lalikulu la iko limatsala kunja, pamene kuwala kwa nebula kumadutsa pafupifupi konse. Ndinayesa kujambula chinthu chimodzi usiku umodzi, koyamba popanda fyuluta, kenako ndi fyuluta, ndipo kusiyana kwake kunali koonekeratu ngakhale pa foni: thambo limene linali lotuwa linada, nyenyezi zambirimbiri zinachepa mphamvu, ndipo nebula inatulukira. Fyulutayi siigonjetsa Mwezi wathunthu, makamaka kumbali ya okosijeni, ndipo magetsi oyera a LED amailowerera kuposa achikasu akale aja a sodium, komabe pa ntchito imeneyi ndiyo chinthu chaphindu koposa m'bokosimo.

M27, imene ambiri amaitcha Dumbbell, ndiyo ndinaona kuti ikuyenerana ndi chipangizochi kuposa ina iliyonse. Ili m'gulu la nyenyezi la Vulpecula, pa mtunda umene kuwala kumayenda kwa zaka zoposa 1,200, ndipo ndiyo planetary nebula yoyamba kupezeka, pamene Charles Messier anaiona mu 1764. Telesikopuyi inaipeza yokha, itajambula kagawo ka thambo n'kuyerekeza nyenyezi zake ndi mapu amene ali m'pulogalamu, ndipo inaiika pakatikati penipeni. Chithunzi choyamba cha masekondi 10 chinasonyeza kale kamtambo kobiriwira, ndipo pamene pulogalamu inkasanjikiza zithunzi zotere zambiri kukhala chimodzi, m'mphepete mwake munayamba kufiira, kenako mbali zake ziwiri zozimiririka zinadzaza mpaka mtambowo unaleka kuoneka wopanikizika m'chiuno n'kukhala wobulungira motalika. Nyenyezi yapakati, imene inataya mpweya wonsewo, inaonekanso bwinobwino. Munthu amene anazolowera kuona M27 ndi diso pa telesikopu wamba, pamene imangokhala kachifunga kotuwa kopanda mtundu, adzadabwa kuti galasi laling'ono chotere likutulutsa zonsezi pa mphindi zochepa.

Koma pali masamu amene wogula aliyense ayenera kuwachita, ndipo si ovuta. Pixel iliyonse ya sensayi ndi ya 2.9 micron (ma micron 1,000 amapanga 1 mm), ndipo pa focal length ya 250 mm imatenga kagawo ka thambo ka pafupifupi 2.4 arcsecond, muyeso wa kukula kwa chinthu monga chimaonekera kuthambo. Kuti muyerekeze, Mwezi wathunthu ndi wa pafupifupi 1,800 arcsecond m'mimba mwake. M27 ndi ya 480 arcsecond m'litali, choncho imadzaza ma pixel pafupifupi 200, ndipo amenewa ndi okwanira kusonyeza maonekedwe ake amkati. M57, mphete yotchuka ya m'gulu la Lyra yotchedwa Ring Nebula, ndi yosakwana 90 arcsecond, kutanthauza kuti imangotenga ma pixel 35 kapena kuposerapo pang'ono pa chithunzi cha ma pixel 1920. Ndipo vuto silili pa sensa pokha, chifukwa galasi la 50 mm palokha silingathe kusiyanitsa zinthu zoyandikana kuposa pafupifupi 2.3 arcsecond, mwakuti ngakhale akanaikamo ma pixel ang'onoang'ono kuposa amenewa, sipakanaoneka chatsopano. Opanga anagwirizanitsa bwino galasi ndi sensa, ndipo ndikuwayamikira pa chimenecho, koma malirewo ndi a chilengedwe cha kuwala ndipo palibe pulogalamu imene ingawasunthe.

Zotsatira zake pa M57 zinali monga masamuwo ananenera. Mpheteyo imaoneka, dzenje lake lapakati limaoneka, ndipo mitundu yake ndi yoona, yobiriwira mopita ku buluu m'kati ndi yofiira kunja, koma ndi kanthu kakang'ono pakati pa nyenyezi zambiri, ndipo mukangokakulitsa kuti kadzaze foni, m'mphepete mwake mumasungunuka. Ine chithunzi chosakulitsacho ndimachikonda, chifukwa chimasonyeza mmene nebulayo ilili pakati pa nyenyezi zoizungulira, komabe si chimene anthu ambiri amayembekezera akamva dzina la Ring Nebula. NGC 3132 ya m'gulu la Vela, imene telesikopu ya James Webb inaitchukitsa mu 2022, inatuluka chimodzimodzi, ndipo nyenyezi yowala imene ili pakati pake inaphimba mbali ina ya mkati. Pa NGC 7009 ya ku Aquarius ndi NGC 3242 ya ku Hydra, zimene ndi zazing'ono kuposa pamenepa, ndinangopeza kadontho kobiriwira konenepa pang'ono kuposa nyenyezi, kowala mopitirira muyeso moti mkati mwake munangoyera mbuu. Pa ziwirizi masekondi 10 ndi ochuluka kale, ndipo ndikanakonda pulogalamu yake ikanapereka ufulu wokwanira wofupikitsa nthawi pa zinthu zoterezi. Mwa ma planetary nebula pafupifupi 3,000 odziwika mu mlalang'amba wathu, ochuluka ndi a msinkhu umenewu kapena ochepera apa, ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti mndandanda wa zimene telesikopuyi ingajambule mokhutiritsa ndi waufupi.

Helix, kapena NGC 7293, ili ndi vuto losiyana ndi limeneli, ndipo ndi pa iyo pamene ndinaidziwa bwino telesikopuyi. Ili pafupi nafe kuposa ena ambiri, pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 650, choncho ndi yaikulu, yoposa theka la Mwezi m'mimba mwake, ndipo imakwana bwino m'chithunzi chimene chimatenga madigiri 1.3 m'litali ndi 0.7 m'lifupi. Koma kuwala kwake kunamwazika pa malo aakulu, mwakuti pixel iliyonse imalandira kochepa zedi. Pa mphindi zoyambirira pafoni pamangooneka mthunzi wozungulira womira m'timadonthomadontho timene ojambula amati noise, ndipo munthu wosaleza mtima angaganize kuti chipangizo chalephera. Mankhwala ake ndi nthawi basi. Ubwino wa chithunzi chosanjikiza sukwera mofanana ndi nthawi imene mwawonjezera: kuti timadonthoto tichepe ndi theka, muyenera kuchulukitsa nthawi kanayi, ndipo amene wajambula kwa ola limodzi, ndiye kuti zithunzi 360 za masekondi 10, afunika maola anayi kuti aone kusintha kotero. Nditaphatikiza zithunzi za mausiku angapo, mphete yofiira inaoneka ndi mapindikidwe ake, mkati mwake muli mobiriwira, ndipo kunja kunayamba kuoneka kachigawo kena kozimiririka. Mbali yofiirayo ndiyo imachedwa kuyera, chifukwa pa sensa ya mitundu pixel imodzi yokha mwa zinayi ndiyo imalandira kuwala kofiira, pamene kwa okosijeni kumagwera pa zobiriwira ndi za buluu zomwe. Sensayi ilibenso choiziziritsa, choncho usiku wotentha timadonthoto timachuluka.

Pa ntchito yaitali yotereyi m'pamene zofooka za kaimikidwe kake zimaonekera. Ikakhala pa choimikapo chimene imabwera nacho, mamota ake amayenda chokwera ndi chotsika, komanso chozungulira kumanja ndi kumanzere, osati motsatira mmene thambo limazungulirira, choncho nyenyezi zimatembenuka pang'onopang'ono m'chithunzi, ndipo pulogalamu ikamagwirizanitsa zithunzizo, m'makona mumada ndi kudukaduka. Kutembenukako kumakula chinthu chikayandikira pamwamba pa mutu, kumenenso mamota amavutika kulondola, ndipo zimenezi n'zokhumudwitsa chifukwa kumeneko ndi kumene mpweya wa dziko umasokoneza mochepa kwambiri. Mwayi wake ndi wakuti planetary nebula imakhala pakati, ndipo kudula makona sikuichotsera kanthu, kusiyana ndi mmene zingakhalire pa mtambo waukulu wodzaza chithunzi chonse. Mphepo nayo ndi mdani wake. Choimikapo cha miyendo itatu chimene chimabwera nayo ndi chachifupi ndi chopepuka, ndipo kukawomba kamphepo pulogalamu imataya zithunzi zambiri chifukwa nyenyezi zatalika, moti ola limene mwaima panja limabala zithunzi za theka la ola. Kuiika pansi polimba, pamalo otchingidwa, kunathandiza kwambiri.

Chotenthetsa galasi choletsa mame chimagwira ntchito yake, koma chimadya batire, ndipo pa usiku wautali ndimalumikiza batire lapadera. Fokasi yake yodzichunira yokha ndi yodalirika, ngakhale kuti ndi bwino kuibwereza kunja kukazizira, chifukwa pa chinthu cha ma pixel 35 ngati M57 kusuntha pang'ono kwa fokasi kumafafaniza dzenje lake lonse lapakati.

Pulogalamu ya pafoni ndi yosavuta kuphunzira, koma chithunzi chimene imatulutsa yokha sindimachikhulupirira kwenikweni. Imadetsa thambo mopambanitsa kuti ibise timadontho tija, ndipo pochita zimenezo imameza mbali zozimiririka za nebula, zimene ndizo munthu wadikira usiku wonse. Chimene chimaipulumutsa ndi chakuti imalola kusunga chithunzi chilichonse pachokha mu mtundu wa fayilo wa zithunzi zakuthambo wotchedwa FITS. Nditasamutsira mafayilowo pa kompyuta n'kuwasanjikiza mu Siril, pulogalamu yaulere, ndinatha kutaya zithunzi zoipa ndekha, kuchotsa kuwala kosafanana kwa thambo, ndi kulekanitsa chofiira ndi chobiriwira kuti chilichonse ndichikweze pachokha. M97, kapena Owl, ya m'gulu la Ursa Major, imene pafoni inali mpira wotuwa chabe, inasonyeza mabowo ake awiri akuda nditaikonza chotere. Amene agula telesikopuyi atsegule mwayi wosunga mafayilowo kuyambira usiku woyamba, chifukwa zimene sizinasungidwe sizibwerera.

Kwa munthu amene akuyamba kumene, kapena amene amakhala pamalo a magetsi ambiri ndipo alibe nthawi yolumikiza zipangizo zambirimbiri, ndingailimbikitse mosakayika, malinga akhutire ndi M27, Helix, M97, ina yotchedwa M76 ndi M57 yaing'onoyo, kenako atembenukire ku mitambo ina ikuluikulu imene fyuluta yomweyo imaithandiza. Amene mtima wake uli pa timphete ndi tizigoba ta ma nebula ang'onoang'ono asunge ndalama zake. Iyeyo akufunika telesikopu yokulirapo yonga ya mtundu wa Schmidt-Cassegrain ya 200 mm, ya focal length ya 2,000 mm, imene ndi ma pixel omwewa ingatenge 0.3 arcsecond pa pixel n'kutambasula M57 pa ma pixel pafupifupi 290, ngakhale kuti pamenepo adzafunikanso choimikapo cholemera cholondola kuzungulira kwa thambo, kamera yachiwiri yowongolera, ndi usiku umene mpweya uli bata.