Buyang Huanwu: tinawamwetsa mayi atadwala sitiroko, nyenyezi 3 mwa 5

Mayi anga anagwa m'bafa chaka chatha, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka. Sikani inaonetsa kuti mtsempha sunaphulike, koma magazi oundana anatseka njira yopita ku ubongo. Atatuluka m'chipatala, achimwene amene amakaoda katundu ku Guangzhou, m'dziko la China, anatibweretsera mankhwala azitsamba otchedwa Buyang Huanwu.

Si mankhwala achilendo kwawoko. Anawalemba sing'anga Wang Qingren m'chaka cha 1830, makamaka a anthu ofa ziwalo mbali imodzi. Muli zinthu 7. Chochuluka kwambiri ndi muzu wa huangqi, kenako danggui, chuanxiong, chishao, maluwa a honghua, njere za mapichesi ndi nyongolotsi zouma. Za nyongolotsizo ndinawauza mayi poyera, anangoti bola achire. Athuwa anali a ufa m'timapaketi, tinkasungunula m'madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Fungo lake ngati dothi lonyowa, koma amamweka.

Chimene chinandipweteka mtima ndi ichi. Bokosi lonse linali m'Chitchaina, ndipo wogulitsa sanawafunse achimwene ngati wodwalayo akumwa mankhwala ena. Mayi anali pa aspirin. Sabata yachitatu ndinaona magazi pamswachi wawo, pamkono patatuluka zigamba zakuda ngati wina wawatsina. Adokotala atamva anandikalipira, ndipo anali ndi chifukwa. Anati zina mwa zitsambazi zimachepetsa kuundana kwa magazi, ndiye zikakumana ndi aspirin munthu amataya magazi mosavuta. Tinasiya zitsambazo tsiku lomwelo, aspirin ndi a BP anapitiriza.

Kodi zinathandiza? M'masabata amenewo mayi ankadya bwino, tulo ankagona, zala zinayamba kugwedera. Koma nthawi yomweyo ankapita ku mafizo katatu pa sabata, komanso miyezi yoyambirira ndi imene wodwala sitiroko amasintha kwambiri. Titasiya zitsamba kusinthako sikunaime. Pano amamanga okha chitenje, supuni amagwira ngakhale phala limatayikira pang'ono.

Abale anga, munthu akangopotoka pakamwa kapena kulankhula mosamveka, thamangirani kuchipatala, musayambe ndi zitsamba. Popanda sikani simungadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo kwa wophulika mankhwala ngati awa angawonjezere vuto. Mapaketi otsala ndinapita nawo kwa adokotala, anati ndisawatsegulenso pamene mayi akumwa aspirin.