Inca Trail kapena Salkantay, ku Machu Picchu tidzere iti?

Ukafika ku Cusco, mzinda wa kumapiri ku Peru, ndi chikwama chako kumsana nkhani imene imavuta mmahositelo usiku ndi yomweyi, ku Machu Picchu, mabwinja a mzinda wa a Inca amene ankalamulira kumeneko kalekale, tidzere iti. Njira zilipo zingapo koma zimene anthu amakanganirana kwambiri ndi ziwiri zoyenda wapansi, Inca Trail ndi Salkantay, kenako pali ina ya anthu amene thumba laphwa kapena mawondo akukana. Ine ndineneretu kuti ndili mbali ya Salkantay, koma sikuti inayo ndiyachabe ayi.

Musanasankhe nkomwe, ganizani kaye za mpweya. Cusco ili pa mamita 3,400, ndiye kuti uli kumsika wa San Pedro ukugula mapeyala koma uli pamwamba kuposa amene waima pa Sapitwa ku Mulanje, paja pamene paja ndi 3,002. Ukakwera ndege ku Lima, komwe ndi mphepete mwa nyanja, ola limodzi ndi theka wafika, ndiye thupi limadabwa, mutu kugunda, chakudya osachifuna, kukwera timasitepe ta ku San Blas mpaka kuima kawiri kupuma. Eni ake amati soroche ndipo sisankha kuti uyu amathamanga mmawa uliwonse kapena ayi. Basi yochokera ku Lima imadya maola opitirira 20, yotopetsa zedi, koma ukaidula pakati nkugona kaye ku Arequipa pa mamita 2,300 thupi limazolowera pang'onopang'ono. Kaya ndege kaya basi, khalani mu Cusco masiku awiri atatu musanayambe kukwera chilichonse, muzingomwa tiyi wa masamba a coca ndi kuyendayenda mtauni.

Tsono Inca Trail. Iyi ndi njira yeniyeni ya miyala imene a Inca anayala okha, masiku anayi, makilomita pafupifupi 43, kuyambira pamalo otchedwa Km 82 kupitirira Ollantaytambo. Vuto lake loyamba ndi pemiti. Boma la Peru limalola anthu 500 okha patsiku ndipo mu 500 momwemo muli magaidi, ophika ndi onyamula katundu, ndiye alendo enieni amangokhala cha mma 200 basi. Ngati mukufuna kupita June kapena July muyenera kubukitsa miyezi ingapo nthawi isanakwane, pemiti imalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti yanu, simungagulitse kwa mnzanu kapena kusintha tsiku, komanso simungapite nokha, mpaka kudzera ku kampani yovomerezeka. Kwa munthu amene akuyenda mwa "tiona konko", lero Arequipa mawa Puno, zimenezi zimamanga miyendo. Mu February njirayi amaitseka kuti aikonze. Mtengo nawo ndi wowawa, nthawi zambiri umapitirira madola 600.

Koma chimene umalipira chimaoneka. Tsiku lililonse ukudutsa mmabwinja amene wa pasitima sadzawaona, Runkurakay, Sayacmarca, Phuyupatamarca, kenako Wiñay Wayna amene ali ndi minda ya masitepe yotsetsereka phiri lonse, ena amati amawakonda kuposa Machu Picchu yeniyeniyo ndipo sindingawatsutse. Tsiku lachiwiri ndiye lolira, kukwera mpaka pa mpata wa phiri wa Warmiwañusca pa mamita 4,215 kenako kutsika masitepe amiyala osatha. Ndipo iwe ukupuma wefuwefu ndi kachikwama kako kakang'ono, amakudutsa abambo achi Quechua atasenza matenti, mapoto ndi silinda ya gasi, ena atavala nkhwaira za matayala, akuthamanga kuti ukafike nkupeza supu wapsa kale. Pamenepo ndi pamene umamvetsa chifukwa chake nkhani ya tipu ya anthu amenewa si yochitira nthabwala.

Salkantay ndi nkhani ina. Pemiti palibe, ukhoza kulowa mu ofesi ya kampani iliyonse pafupi ndi Plaza de Armas, bwalo lalikulu la mu Cusco, lero nkunyamuka mkuja, kapena kupita wekha ngati umadziwa kuyenda mmapiri, poti mnjiramo muli malo ogona ndi odyera. Mtengo nthawi zambiri umakhala cha theka la wa Inca Trail, nthawi zina kutsikirapo. Masiku anayi kapena asanu, mtunda ndi wotalikirapo, ndipo mpata wake uli pamwamba kwambiri, cha mma 4,600, pansi penipeni pa phiri la Salkantay lomwe ndi mamita 6,271, loyera mbee ndi madzi oundana. Usiku woyamba ku Soraypampa kumazizira koopsa, madzi mmabotolo kuchita kuuma, ndiye sleeping bag yotchipa ija isiyeni. Masana ake anthu amakwera kukaona nyanja ya Humantay, madzi obiriwira ngati apakidwa penti, kungoti masiku ano kumadzaza ndi anthu obwera pa minibasi kudzajambulitsa.

Chimene chimandikoka ine ndi zomwe zimachitika ukangodutsa pampata paja. Mmawa unavala majekete awiri ndi magolovesi, pofika madzulo uli mnkhalango yofunda wangotsala ndi tisheti, mawa lake ukudutsa mminda ya khofi, nthochi ndi mapeyala cha ku Lucmabamba, amayi akukazinga khofi mumphika wadothi pamoto wankhuni nkukupatsa kuti upere wekha. Ku Santa Teresa kuli akasupe a madzi otentha a Cocalmayo oti ukaviikemo miyendo, koma tizirombo take toluma timeneto, tating'ono tosaoneka bwino, timasiya zidzolo zoyabwa sabata yonse, mankhwala odzola musaiwale. Katundu kuno amanyamula ndi nyulu ndi mahatchi, ndiye njira ina imakhala ndowe ndi fumbi, ndipo zikamabwera uziima mbali ya phiri osati ya chiphedi.

Kuipa kwa Salkantay nkoti mabwinja ndi ochepa. Pali Llactapata basi, pomwe umaiona Machu Picchu chapatali tsidya la chigwa ngati kulibe mitambo. Komanso mathero ake ndi ozizira, umatsikira ku siteshoni ya Hidroeléctrica nkuyenda makilomita 10 mmbali mwa njanji mpaka ku Aguas Calientes, katauni ka mmunsi mwa Machu Picchu, kugona mu hositelo, mmawa nkuima pamzere wa basi limodzi ndi onse obwera pasitima. A Inca Trail pamenepa amatiposa, iwo amadzuka cha mma 3 koloko usiku, kudikira geti litsegulidwe 5:30, nkulowera pa Inti Punku, chipata chakale cha pamwamba pa Machu Picchu, mzinda wonse uli pansi pawo. Kungoti nkhungu ikafuna imatseka zonse ndipo ndalama sabweza.

Njira yachitatu ija sindichedwapo. Sitima za PeruRail ndi Inca Rail zimanyamuka ku Ollantaytambo, maola osakwana awiri wafika, zabwino koma zodula kwa mlendo. Yotchipitsitsa ndi minibasi ya ku Hidroeléctrica, maola 6 kapena 7 kudzera pa Abra Málaga, makona okhaokha ndipo amene amachita chizungulire mgalimoto akhale kutsogolo, kenako nkuyenda wapansi njanji yomwe ija.

Ndiye ngati mumakonda mbiri, mukufuna kuponda miyala imene anthu a Pachacuti, mfumu ya a Inca, anayala cha mma 1400, ndalama zilipo ndipo tsiku la ulendo mukulidziwa kale, tengani Inca Trail musaganizenso kawiri. Ngati chimene mwadzera ndi mapiri ndipo simufuna kumangidwa ndi kalendala, Salkantay. Nyengo yake ndi yosavuta kuikumbukira poti ikufanana ndi yakwathu, May mpaka September kouma ndi kozizira usiku, November mpaka March mvula ndi matope. Chimodzi chokha a Salkantay musachite chibwana, tikiti yolowera ku Machu Picchu imagulidwa payokha, ili ndi ola lake ndi njira yake yoyendamo mkatimo, ndipo miyezi ya June mpaka August imatha msanga, ndiye funsitsani kampaniyo ngati ili mumtengo umene akutchulawo musanapereke ndalama.