Cheyenne kapena Laramie: Kogona n'Kuti Mukapita ku Wyoming?

Mizinda iwiriyi ili m'zigwa zokwera za kum'mwera chakum'mawa kwa Wyoming, ku America, ndipo yatalikirana makilomita pafupifupi 80 okha pa msewu wa I-80. Nyengo ikakhala bwino, pa galimoto simutha ola. Choncho yonse muiona ndithu, nkhani yagona poti katundu mutsitse kuti. Ife tikuti tsitsani ku Laramie, pokhapokha ngati ulendo wanu ndi wa kumapeto kwa Julayi.

Cheyenne ndiye likulu la Wyoming, ndipo kuli anthu pafupifupi 65,000. Mzindawu unabadwa mu 1867 njanji ya Union Pacific itafika, ndipo mpaka lero zambiri zoona kumeneko n'za njanji. Siteshoni yakale ya mu 1887 pano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo ku Holliday Park kuli chimutu cha sitima ya malasha, Big Boy 4004, chomwe mumaonera kunja kwa mpanda osalipira kanthu. Nyumba ya malamulo ya denga lagolide inatsegulidwanso mu 2019 itakonzedwa, nayonso kulowa n'kwaulere. Zonsezi zimatheka tsiku limodzi, ndipo pamenepa ndiye pali vuto: ndi mzinda wa maofesi a boma, anthu akaweruka pakati pa tauni pamachita zii.

Zinthu zimatembenuka nthawi ya Cheyenne Frontier Days, chikondwerero chomwe chinayamba mu 1897. Chimatenga masiku 10 kumapeto kwa Julayi, ndipo pamakhala mpikisano wokwera nkhunzi ndi mahatchi olusa, perete, zoimbaimba usiku, ndiponso m'mawa wa masiku ena amagawa kadzutsa waulere pabwalo la siteshoni. Ngati mwadzera zimenezi, gonani ku Cheyenne komweko, koma chipinda musungitse kutatsala miyezi ingapo. Mitengo imakwera kwambiri, ndipo alendo amasefukira mpaka ku Laramie ndi ku Fort Collins, mzinda wa ku Colorado. Tengani chipewa komanso jekete la mvula, chifukwa dzuwa limawotcha m'mawa, masana n'kugwa mvula ya matalala.

Laramie ndi waung'ono, anthu pafupifupi 31,000, koma madzulo kumakhala moyo. Chifukwa chake ndi University of Wyoming, yomwe inakhazikitsidwa mu 1886: ophunzira ndi amene amachititsa kuti malo odyera ndi omwera khofi azitseka mochedwa. Pakati pa tauni mumayenda wapansi. Pa msewu wa Garfield pali mlatho wa oyenda pansi wodutsa pamwamba pa njanji, ndipo mukaima pamenepo sitima zazitali za katundu zimadutsa kunsi kwa mapazi anu. Sitima zomwezo zimayenda usiku wonse, ndiye amene tulo take n'topepuka asankhe chipinda chotalikirako ndi njanji. Wyoming Territorial Prison, ndende ya mu 1872 yomwe inasunga chigawenga Butch Cassidy kuyambira 1894 mpaka 1896, ndi yoyenera maola awiri. Ku yunivesite kuli Geological Museum, komwe ana amaona mafupa a Apatosaurus kwaulere. Chenjerani ndi Loweruka limene timu ya yunivesite ya mpira wa ku America ikusewera pakhomo, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, chifukwa mahotela amadzaza.

Chachikulu chomwe Laramie amaposera mnzake ndi mapiri. Msewu wa 130 umadutsa kamudzi ka Centennial n'kukwera Snowy Range mpaka mamita 3,306, pakati pa nyanja zing'onozing'ono ndi nsonga ya Medicine Bow Peak, yomwe ndi mamita 3,662. Chigawo cha pamwamba cha msewuwu chimatsekedwa cha mu Novembala mpaka kumapeto kwa Meyi, ndipo ngakhale mu Juni tinjira tambiri timakhala titakwiririka ndi chipale chofewa. Okwera nsongayo alawirire kuti masana azikhala akutsika, chifukwa ziphaliwali zimayamba dzuwa likapendeka ndipo pamwambapo palibe pobisala. Miyala ikuluikulu ya Vedauwoo, popatukira 329 pa I-80, nayonso ili pafupi ndi Laramie.

Laramie ali pa mamita 2,184, Cheyenne pa 1,848. Kwa wochokera kugombe la nyanja kusiyanaku kumamveka: mutu kuwawa, kupuma mwawefuwefu pamasitepe, kukhosi kuuma. Imwani madzi ambiri, mowa muyambe mwausiya, ndipo musakwere Snowy Range tsiku lofika. Amene ali ndi vuto la mtima kapena mapapo angachite bwino kugona usiku woyamba kumalo otsikirako: ku Denver, likulu la Colorado, kapena ku Cheyenne.

Sitima ya anthu sifika m'mizinda yonse iwiri, ndipo popanda galimoto mapiri simuwafika. Ambiri amachita hayala galimoto ku Denver n'kutsata msewu wa I-25 makilomita pafupifupi 160 kukafika ku Cheyenne. Wopita ku Laramie akhoza kudulira pa msewu wa 287 kuchokera ku Fort Collins, koma msewuwu malo ambiri ndi wopapatiza ndipo ngozi sizisowa.

Nyengo yozizira, makilomita 80 aja musawapeputse. I-80 imakwera mpaka mamita 2,633 pa Sherman Summit, malo okwera kwambiri pa msewu wonsewo, ndipo mphepo imauluza chipale n'kuchipaka pa phula mpaka kusanduka madzi oundana osaoneka, kumwamba kuli kowala bwinobwino. Nthawi zina amaletsa magalimoto aatali koma opepuka, monga okoka ngolo yogonamo, nthawi zina amatsekeratu msewu. Musananyamuke onani pa Wyoming 511, tsamba la boma lofotokoza mmene misewu ilili. Mukapeza chipata cha msewu chatsekedwa, musamvere foni ikamakulozerani Happy Jack Road, msewu wa 210: m'chilimwe ndi wokongola ndipo umadutsa pa Curt Gowdy State Park, koma umakwera phiri lomwelo ndipo thandizo limachedwa kufika. Ngati ndege yanu ku Denver ndi ya m'mawa, usiku womaliza mukagone ku Cheyenne, phirilo mutalisiya kumbuyo.