Kutumiza Anthu Kunja Kapena Kutumiza Katundu?

Dziko la Philippines limatumiza anthu. Manesi ndi ogwira ntchito m'sitima zapamadzi amatumiza ndalama kwawo mwezi ndi mwezi, ndipo zimafikira m'manja mwa makolo, osadzera kuboma. Fizi imalipidwa, mwana amafika ku koleji. Koma akangomaliza, nayenso maso ali pa pasipoti. Vuto lina ndi lakuti madola akachuluka, ndalama ya dzikolo imakwera mphamvu, katundu wake n'kumadula kunja.

Bangladesh nayo imalandira ndalama zotere, koma msana wake ndi zovala, zoposa 80 peresenti ya zomwe imagulitsa kunja. Malipiro ngochepa, ndipo kugwa kwa Rana Plaza, nyumba yomwe munali mafakitale osoka zovala, mu 2013 kunapha anthu oposa 1,100. Komabe ine ndimakondera njirayi, chifukwa wosoka akaphunzira makina, luso lakelo limatsala m'dzikomo.