Kumatitsa dzino lobenthuka pa chipatala china cha mano ku Blantyre

Ambirife timachidziwa chipatala cha mano ngati malo ozulitsirako dzino lomwe latisowetsa tulo, ndipo n'chifukwa chake timadikira mpaka tsaya litatupa tisanapiteko. Chipatala chomwe ndikuchiunika pano ndi cha pulaiveti, chili mumzinda wa Blantyre, ndipo ndidachiyesa pa ntchito ina yosiyana ndi imeneyo, yomwe ndi kumata dzino lakutsogolo lomwe lidabenthuka pakona nditamenyetsa pakamwa pa chitsulo cha mpando m'minibasi, dalaivala ataponda mabuleki mwadzidzidzi. Dzinolo silinkapweteka kwenikweni, kungoti m'mphepete mwake munkandikala lilime, ndipo ndikamwa madzi ozizira ndinkamva kulasa kwa kanthawi kochepa.

Chomwe chidandisangalatsa choyamba ndi mmene adandiyankhira pafoni. Mayi wolandira alendo sadathamangire kundilemba m'buku, koma adayamba wandifunsa ngati dzinolo likugwedera, ngati pobenthukapo pakuoneka kadontho kofiira kapena magazi ochokera m'kati mwa dzino, komanso ngati kachibenthu kake ndidakasunga. Atamva mayankho anga adati ndifike m'mawa mwake, osalola kuti sabata ithe. Mafunso amenewa adandionetsa kuti ogwira ntchito kumeneko adaphunzitsidwa kusiyanitsa wodwala yemwe angadikire ndi yemwe sayenera kugona asanaonedwe.

Pankhani yosunga nthawi sadachite bwino. Ndidafika pa ola lomwe adandiuza, koma ndidakhala pabenchi nthawi yaitali popanda wondiuza chomwe chikuchedwetsa. Mitengo nayo sidalembedwe paliponse, ngakhale kuti pakhoma adapachikapo satifiketi ya Medical Council of Malawi ndi chidziwitso chakuti amalandira makhadi a MASM, bungwe la inshulansi ya zachipatala. Munthu wolipira kuchokera m'thumba amafunika kudziwa za ndalama asanagone pampando, osati pakamwa patachita kale dzanzi.

Nditalowa, madandaulo amenewa adachepa mphamvu. Adokotala adang'amba phukusi la zipangizo ine ndikuona, adagogoda dzinolo pang'onopang'ono, adaligunditsa kathonje kozizira kwambiri kuti aone ngati mtsempha ukadali wamoyo, kenaka adalijambula X-ray pofuna kutsimikiza kuti muzu sudasweke. Chithunzicho adachiika pakompyuta n'kundifotokozera modekha, ndipo kufotokoza kumeneku ndiko ndikukuyesa chinthu chamtengo wapatali kuposa zonse zomwe ndidalipira.

Dzino, monga adandionetsera, lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikuto choyera chotchedwa enamel, chomwe ndi cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu, koma chikabenthuka sichimeranso, chifukwa mulibe moyo ngati mmene uliri m'fupa kapena pakhungu. Pansi pake pali gawo lachikasu lofewerapo, lomwe lili ndi timipata tosaoneka ndi maso tolowera m'kati, ndipo pakatikati penipeni ndi pomwe pali mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu. Kwa ine chikuto chidachoka n'kusiya gawo lachikasulo pamtetete, n'chifukwa chake madzi ozizira ankandilasa. Timipata tomwe tinkadutsa kuzizirato ndi tomwenso tizilombo ta m'kamwa timadutsamo, ndipo tikafika pamtsempha umatupa, kenaka umafa, dzino limayamba kuda, ndipo kunsonga kwa muzu kumasonkhana mafinya. Zikafika pamenepo kumata kokha sikuthandizanso. Pamafunika kuboola dzino, kuchotsa mtsempha wakufawo ndi kutseka ngalande ya muzu, ntchito yomwe madokotala amaitchula kuti root canal, yomwe kawirikawiri imafuna maulendo angapo ndi ndalama zochuluka, apo ayi dzino lizulidwe. Dzino lobenthuka lili ngati mtsuko womwe wachita mng'alu: lero ukutungabe madzi, koma mng'aluwo sudzatsekeka wokha.

Adandichenjezanso kuti kusamva ululu si umboni wakuti zonse zili bwino, popeza dzino lomwe lamenyedwa mwamphamvu limatha kufa mwakachetechete patapita miyezi, ngakhale litamatidwa mwaluso. Izi adazinena asanayambe ntchito, osati pomaliza, ndipo ndidaziona kuti ndi chilungamo, chifukwa wina akadangolonjeza kuti vuto latheratu.

Ntchito yeniyeniyo sidakwane ola. Adayamba wayerekeza mtundu wa mano anga ndi timano tachitsanzo tomwe tidali pakandodo, akuyang'anira pawindo kuti kuwala kwa magetsi kusawanamize. Adandibaya jakisoni wadzanzi pankhama, yemwe adaluma pang'ono polowa basi, adapaka mankhwala abuluu okhakhalitsa pobenthukapo, adatsuka, adaumitsa, kenaka adayamba kuumba ngodya yatsopano ndi phala loyera lomwe ambiri timangoti simenti, ngakhale kuti iwo amati composite. Ankaika pang'onopang'ono, ndipo akaika kagawo ankakawalitsa ndi katochi kabuluu komwe kamaumitsa phalalo m'masekondi ochepa. Pomaliza adandilumitsa kapepala kosiya utoto kuti aone ngati dzinolo likugunda msanga kuposa anzake, adapala pomwe padatumphuka, n'kupukuta mpaka kusalala. Nditadziyang'ana pagalasi ndidachita kufunafuna pomwe padathera dzino langa ndi pomwe padayambira simenti. Ndalama yomwe ndidalipira idaposa ya kuzula, koma idali yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe adanditchulira ya root canal.

Malangizo adandipatsa ambiri ndi othandiza, kungoti onse adali apakamwa, ndipo munthu yemwe mlomo wake uli dzanzi sagwira zonse. Adati ndisamasende nzimbe kapena kukukuta chimanga chokazinga ndi dzino limeneli, ndipo ndidziwe kuti tiyi, khofi ndi fodya zimadetsa simentiyo pakapita nthawi, moti pakatha zaka ingafunike kupukutidwanso kapena kusinthidwa. Adati kachibenthu ka dzino kakasungidwa mumkaka nthawi zina kamamatidwanso pamalo pake. Dzino la munthu wamkulu likaguluka lonse, aligwire kumutu osati kumuzu, alibwezere pamalo pake kapena aliike mumkaka, n'kufika kuchipatala ola lisanathe, koma dzino loyamba la mwana lisabwezeretsedwe chifukwa lingaononge lomwe likumera pansi. Adadzudzulanso chizolowezi choika aspirin padzino lowawa, ati mankhwalawa amaotcha nkhama osachiza kanthu. Zonsezi zikadakwana pa kapepala kamodzi kolembedwa m'Chichewa, ndipo ndikudabwa kuti chipatala chosamala chonchi sichidaganizeko zimenezi.

Thandizo lotere silipezeka paliponse m'dziko muno. Madokotala a mano ndi ochepa, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. M'zipatala zambiri za m'maboma ntchito ya mano ili m'manja mwa madental therapist, anthu ophunzitsidwa kuthandiza odwala mano koma opanda digiri ya udokotala, omwe ambiri adaphunzira ku Malawi College of Health Sciences. Yemwe sangakwanitse za pulaiveti angayambe wakaonetsa dzino lake ku gawo la mano la chipatala cha boma, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo anene momveka kuti wabwera kudzafunsa ngati dzinolo lingamatidwe.

Chipatala chomwe ndidapitachi ndingamutumizeko m'bale wanga popanda kukayika, makamaka pa dzino lakutsogolo lomwe limafuna dzanja laluso, koma ndingamuuze kuti afunse mtengo wa kuonedwa, wa X-ray ndi wa kumata akadali pafoni, apemphe nthawi ya m'mawa kwambiri mzere usanatalike, ndipo atenge cholembera kuti alembe malangizo komanso tsiku lomwe adzamuuze kuti abwerenso kudzayezetsa mtsempha.